Oliza horn m'mabandi athu: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya "pa, pa, pa"

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anyamata ndi atsikana oliza malipenga otchedwa French horn ndi tenor horn m'mabandi a mipingo, a masukulu ndi a Brigade kuno ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Ena ndi a makolo, ena ndi a ma bandmaster eni ake. Onse akuzungulira dandaulo limodzi, loti woliza horn amapatsidwa mbali yosakoma. Ine ndimaliza horn ndipo ndimaphunzitsako ena, choncho ndinenetu poyambirira kuti ndili kumbali ya odandaulawo.

Kodi mukudandaula chiyani kwenikweni? Ife omvera timangomva bandi ikukoma.

Tengani pepala la cornet, lipenga laling'ono lotsogolera nyimbo, ndi la horn a nyimbo yogubira imodzimodzi, muwaike pafupi. Ngakhale musadziwe kuwerenga manotsi, maso okha adzakuuzani. Pa la cornet timadontho tikukwera, tikutsika, tina tamangidwa pamodzi tinayitinayi. Pa la horn pali kachizindikiro kopumira, noti, kachizindikiro kopumira, noti, mzere wonse, ndipo kawirikawiri ndi noti yomweyomweyo. Okopera ena salemba n'komwe. Amadzaza bar imodzi yokha, ndiye kuti kachigawo kamodzi ka mzere, kenaka amaika kamzere kopendekeka ka madontho awiri kotanthauza kuti bwerezani, n'kumangokaika kamzereko mpaka kumunsi kwa pepala.

Tuba, lipenga lalikulu la mawu apansi, ndi ng'oma yaikulu zimagunda phazi likaponda pansi: um. Horn imalowa phazi lili m'mwamba: pa. Nyimbo yogubira imayenda masitepe pafupifupi 120 pa mphindi, ndiye kuti mu nyimbo ya mphindi 3 woliza horn anena "pa" pafupifupi ka 360. Ikatha imeneyo a bandmaster atchula ina, ndipo pepala lake n'lofanana ndi loyamba, yasintha kiyi yokha. Mwana amene wayenda wapansi kuchokera ku Mchini kapena ku Nabvutika kubwera ku pulakatisi amabwerera kunyumba madzulo alibe mzere ngakhale umodzi woti aimbire amayi ake iwo n'kuuzindikira kuti ndi nyimbo yakutiyakuti. Dandaulo lake ndi limenelo.

Ndiye ka "pa" kameneka n'kopanda ntchito?

Ayi, kali ndi ntchito, yaikulunso. Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi, munsi wina ukamatsika wina umakwera. Wachiwiriyo akachedwa pang'ono minsi imagundana, ndipo akasiyiratu kusinja kumamveka kotopa. Tuba ndi horn zimagwirira limodzi choncho.

Palinso china chimene omvera sachidziwa. Tuba imagwira noti ya pansi, cornet ili pamwamba ndi nyimbo. Manotsi apakati, amene amauza khutu ngati nyimbo ili yachisangalalo kapena yachisoni, ali kwa ma horn. Tuba ikagwira doh, ma horn ndi amene amaikapo me ndi soh. Mukafuna umboni, pa pulakatisi uzani ma horn akhale chete kwa ma bar 16, mudzamva nokha mmene bandi imakhalira yopanda kanthu m'kati, ndipo mudzaona oliza cornet akuyamba kuthamanga.

Palibe woliza horn wanzeru amene akufuna kuti "pa" achotsedwe. Chimene chimapweteka n'chakuti chaka chimatha, china n'kuyamba, osapatsidwako kanthu kena.

N'chifukwa chiyani ntchito imeneyi inagwera horn, osati lipenga lina?

Nkhaniyi inayamba kalekale, kutali ndi kuno. Horn yakale inalibe mavalavu, todina tija tosinthira manotsi. Inali mpope wautali wopindidwa, wochokera ku malipenga a alenje a ku Ulaya, ndipo inkatulutsa manotsi okhawo amene utali wa mpopewo unkalola. Cha m'ma 1750, Anton Hampel wa ku Dresden anatchuka ndi njira yolowetsa dzanja mu belu, mbali yotambasuka ija yotulukira mawu, kuti manotsi osowa atuluke. Mavalavu anabwera pambuyo: Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel analembetsa awo mu 1818 ku Prussia. Pofika nthawi imeneyo olemba nyimbo ambiri anali atazolowera kale kupatsa horn manotsi ochepa ogwirizira anzake.

M'ma 1840, Adolphe Sax ku Paris anapanga banja la malipenga otchedwa saxhorn, ndipo limodzi mwa iwo linali la mawu apakati, la mu E♭. Mabandi a asilikali ankaimba panja, akuyenda. Nyimbo yeniyeni inkapita kwa malipenga olira mokweza, nyimbo yachiwiri yoyankha inkapita kwa malipenga a mawu otsikirapo, euphonium ndi trombone, ndipo lipenga lapakatilo linatsala ndi ntchito yosunga sitepe ndi kudzaza chord, ndiye kuti manotsi angapo olira pamodzi. Mabandi atayamba kugwiritsa ntchito French horn pamalo amenewo, woliza wake anangolandira pepala lomwelo. John Philip Sousa wa ku America, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1854 mpaka 1932, analemba nyimbo zogubira zoposa 130, ndipo oliza horn m'maiko ambiri amam'tchula akamadandaula nkhani yomweyi. Choncho mwana wa ku Kapata asaganize kuti a bandmaster ake amadana naye. Anzake ku London ndi ku Chicago akulira chimodzimodzi.

Kuno bandi inafika kudzera kwa asilikali, apolisi ndi amishoni, Chipata ikadali Fort Jameson, ndipo inafika ndi mapepala ake. Mapepala amenewo ndi amene takhala tikuwachita fotokope, fotokope ya fotokope, mpaka manotsi ena anafufutika ndipo wina anawabwezeretsa ndi bolopeni.

Koma taonani zimene anachita makolo athu ataona bandi ya asilikali. Ku Lundazi ndi ku Chama anayamba kuvina mganda. Anatengako ng'oma, mizere, yunifomu yoyera ndi maudindo, koma malipenga awo anali a zikho, oti munthu amaimbiramo ndi mawu ake. Pa lipenga lotero aliyense amaimba nyimbo, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Kwa ine ichi chikusonyeza kuti khutu la kuno limafuna kuti liwu lililonse liziyenda, ndipo sindiona chifukwa choti mabandi athu a lero azikakamira pepala la zaka zoposa 100 ngati kuti silingakhudzidwe.

Ena amati French horn, ena tenor horn. Kodi n'chinthu chimodzi?

Ayi. French horn ndi yozungulira ija, belu lake limaloza kumbuyo, mavalavu amagwidwa ndi dzanja lamanzere ndipo lamanja limakhala m'belu. Mouthpiece yake, poika milomo paja, ndi yaing'ono, yozama. Imakhala mu F, ndipo yambiri masiku ano ndi ya mipope iwiri, F ndi B♭, yosinthidwa ndi chala chachikulu. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ndi Kruspe ku Erfurt mu 1897.

Tenor horn ndi mdzukulu wa saxhorn uja. Ili mu E♭, belu limaloza kumwamba, mavalavu ndi odina ndi dzanja lamanja ngati a cornet. Mabandi a mtundu wa ku Britain, monga a Salvation Army, amagwiritsa ntchito tenor horn yokha, ndipo mu nyimbo zawo solo horn amapatsidwako mizere yoimbika. Mabandi okhala ndi ma clarinet ndi ma saxophone ndi amene amakhala ndi French horn. Mabandi athu a m'mipingo amaimba ndi chimene chapezeka, ndiye mumatha kupeza zonse ziwiri zitakhala benchi imodzi, zikuyang'ana pepala limodzi. Apa ndi pamene pamabadwa vuto la funso lotsatirali.

Pepala langa lalembedwa kuti Horn in E♭, koma yanga ndi ya F. Ndikaimba, onse amandicheukira.

Simukulakwa ndinu, pepalalo si la lipenga lanu. Noti iliyonse imene mukuiona muitsitse ndi toni imodzi yathunthu: mukaona C lizani B♭, mukaona G lizani F, mukaona D lizani C. Pa kiyi onjezani ma flat awiri, kapena chotsani ma sharp awiri. Poyamba lembani pepala lanulanu ndi pensulo. Pakapita miyezi mudzayamba kutsitsa ndi maso okha, ndipo luso limeneli mudzaligwiritsa ntchito moyo wanu wonse.

Amati French horn ndi lipenga lovuta kuposa onse. Nanga bwanji lovutalo limapatsidwa zosavuta?

Kuvuta kwake n'koona, ndipo chifukwa chake chili mu utali. Mpope wa horn ya F utawongoledwa ungafike mamita pafupifupi 3.7, pamene wa trumpet ya B♭ ndi pafupifupi 1.4. Woliza horn amaimbira kumtunda kwa manotsi achibadwa a mpope wautaliwo, kumene manotsi athithikana. Popanda kudina valavu iliyonse mutha kutulutsa C, D ndi E zoyandikana, kusiyana kwake kuli pa milomo ndi mpweya basi. Milomo ikasuntha pang'ono chabe, yatuluka noti ya pafupi, ndipo tchalitchi chonse chamva.

Ndiye a bandmaster amaopa. Amati mwanayu ndikam'patsa nyimbo pa Lamlungu aphonya, bola akhale pa "pa". Mwanayo amakhala pa "pa" zaka ziwiri, osaphunzira kulumikiza manotsi, osaphunzira kupuma pakati pa mzere wautali, osakwerako kupitirira manotsi asanu kapena asanu ndi limodzi. Tsiku lina euphonium wadwala, am'patsa mzere mwadzidzidzi, aphonyadi, ndipo a bandmaster amati mwaona, ndimanena. Koma amene anam'mana mpata wophunzira ndani?

Komanso ka "pa" sikophweka monga anthu amaganizira. Noti iliyonse imayambidwa payokha, popanda ina yoitsogolera, ndipo pa horn kuyamba noti ndi pamene pamaphonyeka kwambiri.

Kodi zilipo nyimbo zimene horn imatsogolera, kapena tikungolota?

Zilipo zambiri, ndipo woliza horn aliyense ayenera kuzimva ndi makutu ake kuti adziwe chimene wanyamula m'manja. Mozart analembera mnzake Joseph Leutgeb ma concerto anayi a horn, nyimbo zimene lipenga limodzi limatsogolera gulu lonse la oimba, horn ikadalibe mavalavu. Fufuzani pa YouTube mmene anawalizira Dennis Brain wa ku England, amene anawajambula mu 1953 ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1957. Tchaikovsky mu symphony yake yachisanu ya mu 1888 anapatsa horn imodzi mzere wautali wachifatse chakumayambiriro kwa gawo lachiwiri. Richard Strauss anali mwana wa woliza horn wa ku Munich, ndipo analemba ma concerto awiri, yoyamba ali mnyamata, yachiwiri mu 1942 ali nkhalamba. Ngakhale mu bandi ya asilikali momwemo, Gustav Holst mu First Suite in E♭ ya mu 1909 anapatsa ma horn mizere yeniyeni.

Ndikudziwa kuti bandulo ndi ndalama. Koma gulani kamodzi, mukhale pansi anthu atatu kapena anayi pa foni imodzi, mumvere. Mwana amene wamvapo horn ikuimba chonchi sagwiranso lipenga lake monyozera.

A bandmaster athu amati kudandaula n'kudzikuza, bandi ndi kumverana. Sakulondola kodi?

Pa kumverana akulondola, ndipo sinditsutsa. Palibe bandi imene onse angatsogolere nthawi imodzi. Koma tayang'anani amene amakonda kunena mawu amenewa. Kawirikawiri ndi munthu amene anakulira pa cornet kapena pa euphonium, amene sanakhalepo chaka chathunthu pa "pa". Kudzichepetsa kumene timaphunzitsa ku mpingo n'kwa tonse. Kukamafunidwa kwa ana atatu okhaokha okhala pa benchi yapakati, chaka ndi chaka, pamenepo chilungamo chasowa.

Mu kwaya alto nayenso satsogolera, koma mzere wake umayenda, uli ndi poyambira ndi pothera, ndipo mayi woimba alto atha kuuimba yekha akuchapa. Oliza horn akupempha zomwezo basi.

Ndiye pali mbali ya maphunziro imene imandikhudza kwambiri. Ana awiri alowa bandi tsiku limodzi, wina cornet, wina horn. Pakatha zaka ziwiri wa cornet uja akuwerenga pepala lililonse, akudziwa makiyi angapo, atha kuimba yekha pa ukwati. Wa horn akudziwa kuwerenga kapumidwe ndi manotsi ochepa. Onse anabwera pa nthawi yake, onse anasesa m'chipinda cha bandi, onse anapsa ndi dzuwa la Okutobala pa perete. Wina watuluka ndi luso, wina alibe. Ameneyo akadandaula, tim'mvere.

Ndingawauze bwanji a bandmaster popanda kuoneka wamwano?

Osati pagulu, osatinso sabata ya perete pamene mitu yawatentha. Dikirani pulakatisi ithe, anthu akupinda ma stand, muwatsatire pambali. Musapite ndi dandaulo lokha, pitani ndi pepala m'manja. Mungathe kunena kuti: "Abambo, ndinali ndi kapempho. Ndalembako alto ya nyimbo ija ya Lamlungu kuti ikwane pa horn. Mungandimvereko kamphindi?" Munthu wamkulu savutika kumvera mwana amene wam'chepetsera ntchito. Ngati ndinu wamng'ono kwambiri m'gululo, dzerani kwa akulu anu a pa benchi yomweyo, apite nanu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A bandmaster ali ndi malipenga makumi awiri m'mutu mwawo, ndalama za mayendedwe, yunifomu yosakwanira, ndipo mwina sanaganizepo n'komwe kuti pepala lanu lili bwanji. Koma musanapite, onetsetsani kuti "pa" wanu ndi woyera. Amene amachedwa pa zimene wapatsidwa kale sangamveredwe akapempha zina.

Ine ndine bandmaster. Ndilibe nthawi yolembanso nyimbo zonse. Ndichite chiyani?

Abambo, simufunika kulemba zonse. Yambirani pa buku la nyimbo la mpingo, muli kale mizere inayi: sopulano, alto, tenala ndi besi. Perekani alto kwa horn yoyamba, tenala kwa yachiwiri. Mawu a French horn amakhala bwino kwambiri pa tenala, pamenepo ndi pakwawo penipeni.

Kalembedwe kake nkaka. Kwa horn ya F, noti iliyonse ya m'buku muikweze masitepe asanu: C ikhale G, F ikhale C. Nyimbo ya mu F imalembedwa mu C, ya mu B♭ imalembedwa mu F. Kwa tenor horn ya E♭ kwezani masitepe asanu ndi limodzi: C ikhale A, ndipo nyimbo ya mu E♭ imalembedwa mu C. Ngati buku lanu ndi la tonic sol-fa n'kosavuta koposa, chifukwa mungouza mwana pamene pali doh wake, zotsalazo aziwerenga monga amachitira ku kwaya. Ntchito yolembayi apatseni anawo. Akalakwitsa mudzamva pa pulakatisi, adzakonza, ndipo adzakhala ataphunzira zambiri kuposa zimene mukanawauza pa bolodi.

Pa nyimbo zogubira pali njira ina yachidule. Gawo likamabwerezedwa, ulendo woyamba ma horn onse akhale pa "pa". Ulendo wachiwiri, mmodzi kapena awiri atsatire euphonium pa nyimbo yoyankha ija, wina atsale ndi ng'oma yaing'ono kusunga sitepe. Kuchokera pa pepala la euphonium la treble clef, horn ya F imatsitsa masitepe asanu, C ikhale F, ndipo tenor horn imatsitsa anayi, C ikhale G. Sinthanitsani anawo nyimbo ndi nyimbo, asakhale mmodzi yemweyo.

Chimene ndingakupempheni koposa ndi cha pa maliro. Bandi ikamaperekeza bokosi ndi nyimbo yachifatse, kapena pa manda pamene anthu akuponya dothi, siyani ma cornet apume vesi imodzi, ma horn atenge nyimbo, tuba iwagwirizire pansi mofatsa. Mawu a horn sabaya khutu, amafanana ndi mawu a munthu, ndipo anamfedwa amatha kuimba nawo popanda kukuwa. Bandi imene ili ndi lipenga limeneli n'kumaligwiritsa ntchito pa "pa" yekha ikudzimana yokha.

Pa perete palibe amene amandimva. Ndiziliziranji?

Pa French horn n'zoona ndithu. Bandi ikamatsika Umodzi Highway pa 12 Malichi kapena pa 24 Okutobala kulunjika ku David Kaunda Stadium, mawu anu akupita kumbuyo, kwa oimba ng'oma, pamene anthu amene mukuwayandikira akumva trombone ndi cornet. Kuwonjezera apo mouthpiece ya horn ili ndi m'mphepete mopyapyala, ndiye mukaponda pa dzenje imakudulani mlomo. Lipengali silinapangidwire kuguba. M'maiko ena oliza horn amagubira mellophone, imene ili mu F koma belu likuloza kutsogolo. Kuno, ngati mu sitolo ya bandi muli tenor horn yopanda mwini, pemphani kuti muzigubira imeneyo, French horn muziisungira za m'nyumba.

Komabe anzanu a m'mizere yoyandikana amakumvani, ndipo sitepe yawo imadalira inu ngakhale sakudziwa.

M'tchalitchi kapena mu holo nkhani ndi ina. Khalani poti kumbuyo kwanu kuli khoma louma, mita imodzi kapena awiri, kuti mawu agunde abwerere kwa anthu. Musalole belu kuloza pa katani, pa mimba ya mnzanu, kapena pa ng'oma.

Poti "pa" sachoka, ndingam'lize bwanji kuti amveke bwino?

Musamawerenge "pa", muziwerenga "um". Amene amadikira "pa" wake amachedwa nthawi zonse, ndipo ma horn akachedwa bandi yonse imalemera. Tcherani khutu kwa tuba, mumve ngati inu ndi iye mukuimba mzere umodzi, iye theka inu theka. Noti ikhale yaifupi, yopepuka, koma ikhale ndi mawu enieni m'kati, osati lilime lokha. Mpweya usatsekedwe pakhosi pakati pa noti ndi noti. Lembani ndi pensulo pamene mudzapumire, chifukwa pepala lotere silikupatsani malo, ndipo ana ambiri amachita chizungulire pa dzuwa chifukwa chopuma pang'onopang'ono osatulutsa mpweya wakale.

Kenaka yang'anani pamene noti yanu ikusintha. Mu ma bar asanu ndi atatu mwina isintha kawiri kokha, koma pamenepo ndi pamene chord ikutembenuka, ndipo inu ndi amene mukuitembenuza. Ikwezeni pang'ono noti yatsopanoyo. Mukakhala atatu, khalani pamodzi mphindi khumi pulakatisi isanayambe, mugwire chord iliyonse motalika mpaka igwirizane, kenaka muidule. Dzanja la m'belu limathandiza pano: mukalitseka pang'ono noti imatsika, mukalitsegula imakwera.

Mwana wanga akufuna kusiya horn, akuti apite ku trumpet. Ndimulole?

Amayi, yambani mwam'funsa chimene chamutopetsa, lipengalo kapena pepala. Ngati sakonda mawu a horn, musam'kakamize, apite ku trumpet ndi mtima woyera. Koma ana ambiri amene ndalankhula nawo amalikonda lipengalo, chawatopetsa ndi kusowa choimba. Ngati ndi choncho, m'pezereni buku la nyimbo kunyumba, aziliza madzulo nyimbo zimene inu mumazidziwa, inu muziimba naye. Kenaka mukaonane ndi a bandmaster mwaulemu. Mawu a kholo amalemera.

Muganizirenso ichi. Oliza trumpet ndi cornet ndi ambiri paliponse, oliza French horn bwino ndi ochepa. Sindingakulonjezeni ntchito, koma mwana amene angafune kudzapitiriza nyimbo, kaya ku Evelyn Hone College ku Lusaka kaya mu bandi ya asilikali kapena apolisi, adzakhala ndi chinthu chimene anzake ambiri alibe, bola akhale ataphunzira kuwerenga ndi kuimba mizere yathunthu.

Mu sitolo ya bandi yathu muli French horn imene akuti inafa. Ingadzukenso?

Kawirikawiri inde. Ma horn ambiri amene amati anafa anangosiyidwa mwini atatopa n'kuchoka, ndipo vuto lake ndi chingwe choduka kapena valavu youma. Mavalavu ambiri a French horn ndi ozungulira, okokedwa ndi kachingwe. Kakaduka, chingwe cholukidwa chowedzera nsomba chimagwira ntchito. Yang'anani valavu yoyandikana nayo, muone mmene chingwe chadutsira pa kabowo, chazungulira pa kasikuluwu n'kubwerera, mutsanzire chimodzimodzi. Ijambuleni pa foni musanamasule kanthu.

Valavu ikauma musaikakamize ndi kiyi yodinira, mungapinde chitsulo. Solorani slide yake, kampope kosoloka kaja, mudonthezere oyili wa mavalavu pakati pa mpope, madontho ochepa, kenaka mugwire valavuyo kumbuyo ndi zala muziigwedeza pang'onopang'ono. Mwina itenga masiku angapo. Pansi pa kachivundikiro kozungulira ikani dontho la oyili wa makina osokera. Mafuta ophikira ayi, ngakhale mutasowa chotani, chifukwa amauma n'kumata zonse. Ma slide apakeni Vaseline pang'ono ngati girisi yake palibe. Mouthpiece ikakanirira musaigwire ndi pulayala, mudzapotokola mpope woyambirira, umene kuno ndi wovuta kuupeza. Dikirani wokonza amene ali ndi chokokera chake.

Mukafuna kuitsuka m'kati, madzi akhale ofunda chabe ndi sopo pang'ono, otentha amasupula utoto wonyezimira uja. Mukatha, chotsani mouthpiece ndi ma slide, muizungulitse horn kangapo mpaka madzi onse atuluke. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi limalowa paliponse, choncho izikhala m'bokosi lake, ndipo ngati bokosi linathyoka, ikulungeni m'chitenje choyera muiike pa shelefu yapamwamba belu litaloza pansi.